Wovulala pangozi: yambani mwamuona musanamunyamule

Tiyerekeze kuti ndi tsiku la msika. Mota yanyamuka m'mudzi mamawa itatenga anthu atatu ndi thumba la mbatatesi, ikulowera ku Ulónguè. Pokhota pena pamene mvula inakumba msewu, tayala lakutsogolo laterereka ndipo onse agwa. Woyendetsa wadzuka yekha, magazi ali chuchuchu pamphumi, akuzungulirazungulira kufunafuna nsapato yake. Mayi amene anakhala pakati ali pansi, wagwira mkono, akulira mokweza kuti wafa. Mnyamata amene anali kumbuyo wagwera m'ngalande chagada ndipo ali chete.

Inu ndi amene mwafika poyamba, khasu lili paphewa. Kodi muyambira ndani?

Ambiri a ife timathamangira kwa mayi wolirayo chifukwa kulira kumakoka mtima. Ena amathamangira kumene kuli magazi. Mnyamata wa m'ngalande timamufika pomaliza, ndipo tikamufika timachita zimene tinaona ena akuchita: wina agwira miyendo, wina manja, mutu uli lendelende, timukokera pamthunzi, timukhazika tsonga, wina athamangira madzi kuti amumwetse. Zonsezi timachita ndi mtima wabwino. Koma palibe ngakhale chimodzi chimene chamuthandiza, ndipo ziwiri mwa izo, kumunyamula mutu uli lende ndi kumuthira madzi m'kamwa, zikhoza kumupha kapena kumupuwalitsa moyo wake wonse.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene pa Chipwitikizi limatchedwa OMS, linanena m'lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pangozi zapamsewu, ndipo kuti tikayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, imfa zotere zikuchuluka ku Africa kuposa kwina konse. Kuno kumalire tili ndi ngozi zinanso zimene sizichitikira pamsewu: ngolo kugubuduzika, mwana kugwa mumtengo wa mango, nkhwangwa kuphonya chikuni, ng'ombe kugunda mwini wake, khoma la nyumba kugwa ndi mvula. Chipatala chili kutali, ambulansi siyifika msanga. Munthu amene amagamula za moyo wa wovulala m'mphindi zoyambirira ndi mnansi wodutsa, ndiye kuti inuyo, omvera athu. Aphunzitsi a chithandizo choyamba, monga a Cruz Vermelha de Moçambique imene inakhazikitsidwa mu 1981, sayamba n'kuphunzitsa kumanga bandeji. Amayamba n'kuphunzitsa kuona, ndi kufufuza motsatira chimene chimapha msanga.

Imani kaye, yang'anani malowo

Chimene chavulaza mnzanu chikhoza kukhala chikadali pomwepo. Ngati ndi pamsewu waukulu, monga wa ku Calómuè kapena uja wodutsa pa Lizulu umene mbali ina ndi Malawi mbali ina ndi Mozambique, malole sasiya kuthamanga chifukwa chakuti pagwa anthu. Tumani anthu awiri, wina uku wina uko, akaike nthambi pamsewu patali ndithu ndi kuimika magalimoto. Zimitsani injini ya mota. Pamene patayika petulo pasapezeke wosuta fodya. Ngati waya wa magetsi wagwa, musamukhudze munthuyo ndipo musayandikire mpaka magetsi atazimitsidwa. Wogwera m'chitsime chakuya musamutsikire mothamanga, chifukwa pansi pa zitsime zina mpweya wake ndi woipa ndipo wopulumutsa amakomokera komweko.

Koma za mphenzi timvetsetsane. Munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Mukhoza kumugwira nthawi yomweyo popanda choopsa, ndipo kumuopa ndi kumene kumamuchedwetsera chithandizo.

Werenganinso ovulalawo. Funsani amene akutha kuyankhula kuti, "Munalipo angati?" Munthu amatha kuponyedwa patali m'udzu osaoneka. Ngati mayi ali ndi nsalu yoberekera, funsani za mwana. Onaninso mmene ngoziyo yachitikira: mtengo umene wagwamo ndi wautali bwanji, mota yaphwanyika motani, chisoti cha kumutu chija ambiri amati capacete chang'aluka kapena ayi. Zimenezi zimakuuzani zovulala zimene maso sangaone.

Manja anu atetezeni. Magolovesi akasowa, valani matumba apulasitiki oyera aja timagulira shuga ndi mchere. Ambiri amaopa magazi chifukwa cha HIV ndipo amangoima patali. Khungu lopanda bala sililowetsa kachilomboka mwachisawawa. Mukamaliza sambani ndi sopo. Ngati magazi akuthirani m'maso, m'kamwa kapena pabala lanu, tsukani ndi madzi ambiri ndipo pitani ku Centro de Saúde tsiku lomwelo. Kuli mankhwala oteteza amene amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72.

Magazi othamanga sadikira

Mukadali chiimire, ponyani maso pa onse. Kodi alipo amene magazi ake akutumphuka ngati madzi a paipi yoboola, kapena akudikha pansi, kapena anyowetsa chovala chonse? Ameneyo ndiye woyamba, ngakhale musanafunse dzina. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5 okha, ndipo mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka akhoza kufa m'mphindi zochepa.

Tengani nsalu yoyera imene ilipo, ipindeni, ikani pabalapo ndipo tsindikani ndi mphamvu zanu zonse osasiya. Musamatukule kuti muone ngati asiya. Nsalu ikanyowa onjezerani ina pamwamba. Ntchito imeneyi mukhoza kupatsa munthu wina woima pafupi, kapena wovulala mwiniwake ngati ali ndi mphamvu, kuti inu mupite kwa ena. Bala la pamphumi ngati la woyendetsa mota uja limatulutsa magazi ambiri ndipo limaopsa poliona, koma kawirikawiri limasiya mukalitsindika. Mukhazikeni pansi, mpatseni nsalu agwire yekha.

Dothi, phulusa, ndowe ndi masamba otafuna siziyenera kufika pabala. Majeremusi a kafumbata amakhala m'dothi ndi m'ndowe momwemo. Ngati chitsulo kapena mtengo wabaya n'kutsalira m'thupi, musauzule. Tsindikani m'mbali mwake, chifukwa nthawi zina ndi umene watseka mtsempha.

Nanga kumanga mwendo kapena mkono? Kale ambiri anaphunzitsidwa kuti asamayese n'komwe. Masiku ano madokotala amavomereza, koma pokhapokha magazi a pamkono kapena pamwendo akukana kusiya ngakhale mwatsindika, kapena chiwalo chaduka. Gwiritsani ntchito nsalu yotambalala, osati waya kapena mphira. Mangani masentimita 5 mpaka 7 kumtunda kwa bala, osati pabondo kapena pachigongono, lowetsani kamtengo n'kupotokola mpaka magazi atasiya. Zimapweteka kwambiri. Lembani nthawi imene mwamanga ndipo musamasule. Akamasula ndi achipatala. Woluma njoka samangidwa chotere.

Pitani kwa amene ali chete

Mayi uja akulira n'kutchula mayina a ana ake. Kulira kumeneko kukukuuzani zinthu zitatu: njira yake ya mpweya ndi yotsegula, akupuma, ndipo magazi akufika kuubongo. Akumva ululu zedi, koma akhoza kudikira pang'ono. Muuzeni kuti, "Amayi, ndakuonani, musasunthe mkonowo, ndikubwera." Mnyamata wa m'ngalande sanakuuzeni kanthu, n'chifukwa chake ali woyamba.

Mufikeni kuchokera kumene nkhope yake yaloza kuti asatembenuze khosi pofuna kukuonani. Gwadani, yankhulani mokweza: "Achimwene, mukundimva? Tsegulani maso." Mugwireni pamapewa n'kumugogoda, koma musamugwedeze ndipo musamumenye makofi. Onani kuti ali pati: ali maso ndipo akuyankha zomveka, kapena akutsegula maso pokhapokha mwamuitana, kapena akungosuntha mukamutsina, kapena sakuchita chilichonse. Sungani zimenezi m'mutu pamodzi ndi nthawi yake. Achipatala adzafuna kudziwa ngati kuchokera pamenepo wakhala akutsitsimuka kapena akumira.

Munthu wokomoka atagona chagada, lilime limalefuka n'kugwera kummero, n'kutseka njira ya mpweya. Mukamva akuliza mkonono musati wagona tulo. Ndi mpweya ukuvutika kudutsa. Mukamva phokoso ngati la madzi obwadamuka, muli magazi kapena masanzi. Tsegulani pakamwa, chotsani chokhacho chimene mukuchiona, monga dzino lothyoka kapena dothi. Musapise chala mwakhungu. Kenako tsegulani njirayo. Kwa munthu amene sanagwe kapena kugundidwa, ikani dzanja pamphumi, pendeketsani mutu chakumbuyo n'kutukula chibwano ndi zala ziwiri. Kwa mnyamata wathuyu, amene khosi likhoza kukhala litathyoka, gwadani kumutu kwake, gwirani mutu ndi manja onse awiri, ikani zala kuseri kwa nsagwada pansi pa makutu n'kukankhira nsagwadazo m'mwamba popanda kupendeketsa mutu. Zikakanika ndipo mpweya sukudutsa, pendeketsani mutu pang'onopang'ono mpaka udutse. Khosi timalisamala, koma kupuma ndiko kumatsogola.

Tsopano ikani tsaya lanu pafupi ndi mphuno ndi pakamwa pake, maso ali pachifuwa. Onani ngati chikukwera ndi kutsika, mverani mpweya, ndipo werengani mpaka 10 osathamanga. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi, choncho m'masekondi 10 muyenera kuona kupuma kawiri kapena katatu. Pali chinthu chimene chimanyenga ambiri: munthu amene mtima wake waima amatha kuyasamula n'kukoka mpweya kamodzikamodzi ngati nsomba yovuulidwa m'madzi. Kumeneko si kupuma.

Ngati sakupuma, ubongo umayamba kuonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6. Mugonekeni chagada pamalo olimba, ikani chikhatho pakati pa chifuwa, china pamwamba pake, ndipo dinikizani masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi. Amene anaphunzira amadinikiza ka 30 n'kuuzira mpweya kawiri. Amene sanaphunzire angodinikiza osalekeza. Tinene chilungamo: zimenezi sizilowa bwino powerenga pepala kapena pomvera wailesi. Zimafuna kuyeserera ndi manja. Amfumu ndi makomiti a zaumoyo angachite bwino kupempha anamwino kapena azaumoyo a m'mudzi aja timawadziwa ndi dzina lakuti APE kuti akonze tsiku loonetsa anthu, makamaka anyamata oyendetsa mota.

Ngati akupuma koma sakudzuka, musamusunthe popanda chifukwa. Wina akhale kumutu, agwire mutu kuti usagwedezeke, aziyang'anira kupuma. Akayamba kusanza, kapena m'kamwa mukadzaza magazi, kapena ngati muli nokha ndipo muyenera kumusiya kukaitana anthu, mugonekeni chammbali kuti zam'kamwa zizitulukira pansi. Pomutembenuza, mutu, khosi ndi msana ziyendere limodzi ngati mukugubuduza chipika. Mayi woyembekezera agonere kumanzere. Capacete musavule, pokhapokha ngati ikulepheretsa kupuma kapena akusanza, ndipo povula pakhale anthu awiri, wina atagwira khosi.

Za madzi aja. Munthu wokomoka kapena wosokonezeka sameza bwino, madzi amalowera kumapapo. Komanso wovulala kwambiri mwina akafunika opaleshoni, ndipo mankhwala ogonetsa amafuna m'mimba mopanda kanthu. Akadandaula ludzu, munyowetseni milomo ndi kansalu. Ludzu lalikulu pambuyo pa ngozi ndi chizindikiro pachokha, monga tionere tsopano.

Magazi amene sakuoneka

Munthu akhoza kutha magazi popanda dontho ndi limodzi lomwe kugwa pansi. Amatayikira m'chifuwa, m'mimba, m'chiuno kapena m'ntchafu. Fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposa ikhoza kubisala m'mnofu, ntchafuyo n'kungooneka yotupa. Kuno kwathu tilinso ndi vuto la kapamba, chiwalo chimene chili kumanzere pansi pa nthiti. Anthu amene adwala malungo kawirikawiri kapamba wawo amakula, ndipo wotereyu sachedwa kuphulika munthu akagundidwa ndi chiwongolero cha njinga, nyanga ya ng'ombe kapena chibakera. Mwana wagwa mumtengo, wadzuka, wayenda yekha mpaka kunyumba. Madzulo ali lefu.

Pakhungu lakuda kuyera kwa munthu wotaya magazi sikuoneka pankhope. Kokerani pansi chikope cham'munsi muone mkati mwake, onani usinini, lilime ndi zikhatho. Zikakhala zotuwa m'malo mofiirira, samalani. Finyani chikhadabo mpaka chiyere, kenako siyani: mtundu wake uyenera kubwerera pasanathe masekondi 2. Gwirani manja ndi mapazi ngati ali ozizira ndi a thukuta. Ikani zala ziwiri pamkono, mbali ya chala chachikulu, mumve kugunda kwa mtima. Wamkulu akakhala phee umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi. Ukamathamanga koma mofooka, kapena osamveka n'komwe pamkono, zinthu zavuta. Onjezani ludzu, kupuma mofulumira, kusakhazikika, kuyankhula zosagwirizana, mimba youma gwa kapena yopweteka mukaigwira.

Magazi otere simungawaletse kumudzi. Chimene mungachite ndi kuzindikira msanga ndi kuthamangira kuchipatala. Mugonekeni, muyalireni pansi ndi kumufunditsa bulangete. Kuzizira kwa kuno kumapiri m'miyezi ya June ndi July tonse timakudziwa, ndipo thupi likazizira magazi saundana msanga.

Kuchokera kumutu mpaka kumapazi

Zopha msanga zikatha kuonedwa, bwererani kwa mayi uja. Muuzeni dzina lanu ndipo pemphani chilolezo musanamugwire. Ngati pali mayi mnzake, ndi bwino agwire ndi iyeyo inu mukumuuza pogwira, ena atatchinga ndi chitenje. Anthu oonerera auzeni afutukuke.

Funsani: "Pakupweteka ndi pati? Khosi kapena msana ukupweteka? Gwedezani zala za kumapazi. Mukumva pamene ndagwirapa?" Dzanzi, kulephera kusuntha miyendo, kapena kudzikodzera osadziwa zikutanthauza kuti msana wakhudzidwa, ndipo asadzuke. Kenako yendetsani manja mofatsa m'mutu, kuseri kwa makutu, m'mapewa, m'nthiti, pamimba, m'miyendo ndi m'manja, mukuyerekeza mbali ina ndi inzake ndipo mukuyang'ana nkhope yake. Pisani dzanja pansi pa msana popanda kumutembenuza muone ngati libwera ndi magazi. Ululu waukulu wa pamkono umatha kuphimba bala lina loopsa kuposa pamenepo, choncho musaime pamene iye waloza pokha.

Mkono wothyoka musauongole ndipo musaukoke. Umangeni mmene mwaupezera, ndi nsungwi kapena katoni yolimba yokulunga m'nsalu, kumtunda ndi kumunsi kwa pothyokapo. Vulani mphete ndi zibangili usanatupe. Mukamanga onani zala ngati zikadali zofunda.

Funsaninso ngati ali ndi matenda monga shuga, khunyu kapena kuthamanga kwa magazi, mankhwala amene amamwa kuphatikizapo ma ARV, mankhwala amene amamuwenga, nthawi imene anadya komaliza, ndiponso ngati ali ndi pakati. Funsani akadali kuyankhula, chifukwa panjira akhoza kukomoka.

Tisamuiwale woyendetsa. Akuti ali bwino, akufuna kudzutsa mota yake, ndipo mwina akununkha kachasu. Apa ndi pamene timalakwitsa kwambiri, timati waledzera chabe, akagone. Kuvulala kwa m'mutu ndi kuledzera zimafanana, ndipo zikhoza kukhalira pamodzi. Munthu womenyetsa mutu amatha kukomoka pang'ono, kudzuka, kucheza bwinobwino kwa maola angapo magazi akudikha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, kenako n'kugona osadzukanso. Ngati anakomoka ngakhale pang'ono, sakukumbukira zimene zachitika, akufunsa funso limodzimodzi mobwereza, akusanza, mutu ukunka nupweteka, akuodzera, akutuluka magazi kapena madzi oyera m'khutu kapena m'mphuno, kapena kadontho kakuda ka diso lina kakula kuposa ka linzake, apite kuchipatala lero lomwe. Ngakhale zonsezi palibe, asagone yekha usiku umenewo, ndipo apabanja amuyang'anire masiku awiri.

Ulendo wa kuchipatala

Apa ndi pamene kufufuza kuja kumagwira ntchito, chifukwa kumakuuzani woyamba kunyamuka ndi chokwera chake. Mayi wa mkono womangidwa akhoza kukwera mota, wina atamugwira kumbuyo. Mnyamata wokomoka, kapena aliyense amene mukukayikira khosi ndi msana, sakwera mota kapena njinga, ngakhale itakhala yokhayo imene ilipo. Mkati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wochokera kuubongo. Fupa likhoza kuthyoka mtsemphawo uli bwino, n'kudzaduka pomukhazika pampando ndi pomugwedeza m'mabampu. Ukaduka sulumikizikanso.

Zulani chitseko kapena pezani thabwa lalikulu. Pakhale anthu anayi kapena asanu. Wogwira mutu ndiye alamule, onse atembenuze ndi kunyamula nthawi imodzi. Pindani nsalu muike mbali zonse ziwiri za mutu, mumangeni pachitsekocho ndi zitenje pachifuwa, m'chiuno ndi m'miyendo. Kenako pagalimoto ya kumbuyo kotsegula, pangolo yoyalamo udzu kapena matiresi, kapena pamapewa mpaka kumsewu. Akasanza panjira, pendeketsani chitseko chonsecho.

Wina aimbe foni nthawi yomweyo pamene inu mukufufuza. Nambala ya Centro de Saúde yapafupi, ya APE ndi ya mwini galimoto wa m'dera lanu zikhale m'foni lero, ngozi isanachitike. Poimba nenani malo, chimene chachitika, ovulala angati, ndi amene sakudzuka kapena akutaya magazi. Funsani anamwino kumene muyenera kulunjika, chifukwa chipatala chaching'ono sichichita opaleshoni. Ena amatumizidwa ku Ulónguè, ndipo ovulala kwambiri mpaka ku Tete, mtunda wa makilomita oposa 200. Midzi ina ili pafupi ndi Dedza kapena Ntcheu kuposa Ulónguè, ndipo anthu ake akudziwa kale njira imene amadzera. Milandu yakuti walakwa ndani ndiponso alipire mota ndani idikire. Amfumu ndi apolisi adzaikamba wovulala ali m'manja mwa achipatala.

Panjira khalani pambali pake. Mphindi zingapo zilizonse muitaneni, onani chifuwa, onani nsalu ya pabala, gwirani manja. Mukafika musangomutula n'kutuluka panja. Auzeni anamwino nthawi imene ngozi inachitika, mmene anagwera, mmene munamupezera, ngati anayankhulapo kapena kusanza, kuchuluka kwa magazi amene munaona pansi, ndi nthawi imene munamanga mwendo ngati munamanga. Ngati simutha kulemba, pemphani mwana wasukulu alembe zimenezi pakapepala musananyamuke, ndipo kapepalako mukapereke m'manja mwa namwino amene wamulandira.